Wavulala mutu kapena msana kuno kum'mawa kwa Zambia: timutengere kuti?

Njinga yamoto yagundana ndi Canter pamsewu wa ku Lundazi, mwana wagwa mumtengo wa mango, ngolo yagudubuzika pochokera kudimba, munthu wamenyedwa chibonga kumowa. Zikachitika zotere abale amasonkhana msanga, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti ku Chipata Central, wina akuti ku Katete ndiye kuli madokotala, amalume a ndalama akuti tichite hayala galimoto mpaka ku Lusaka usiku womwe uno, apongozi a ku Mchinji akukumbutsa kuti Lilongwe ndi pafupi, agogo akuti tiyambe taona mmene agonere. Onsewa amamufunira zabwino wovulalayo, koma zina mwa njira zawozo zikhoza kumupha.

Kuvulala mutu ndi kuvulala msana sizisankhiridwa njira imodzi. Mutu umapha m'maola ochepa, choncho chofunika ndi kufika msanga pomwe angaone mkati n'kuchitapo kanthu. Msana nthawi zambiri supha tsiku lomwelo. Umaonongeka ndi kanyamulidwe koipa, ndipo umadzapha patapita miyezi kudzera m'zilonda ndi matenda a m'chikhodzodzo, ndalama zonse zitathera paulendo.

Zoyamba kuzidziwa musananyamuke

Chigaza chili ngati chipanda chouma, sichifutukuka. Mtsempha ukang'ambika mkati, magazi alibe kolowera ndipo amayamba kufinya ubongo. Choopsa kwambiri ndi kumenyeka cha pakati pa diso ndi khutu, pomwe fupa ndi lopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wothamanga magazi. Munthu akhoza kukomoka pang'ono, n'kutsitsimuka, n'kumacheza bwinobwino, kenaka patapita maola awiri kapena atatu n'kuyamba kuwodzera osadzukanso. Nthawi yomwe akuchezayo ndiyo yomupulumutsira, komanso ndi nthawi yomweyo yomwe abale amati wachira, tiyeni kunyumba.

Kuchipatala amayeza kutsitsimuka kwa munthu ndi muyeso wa Glasgow Coma Scale, womwe Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaukonza mu 1974. Amaona ngati akutsegula maso, akuyankhula zomveka, ndiponso akusuntha manja akauzidwa kapena akatsinidwa. Munthu wabwinobwino amapeza 15, wokomokeratu 3. Kuyambira 13 mpaka 15 amati wavulala pang'ono, 9 mpaka 12 ndi pakatikati, 8 kutsika m'munsi ndi kayakaya. Funsani nambala imeneyi kwa anamwino, muilembe pamodzi ndi nthawi yake. Ikatsika, tinene kuchoka pa 14 kufika pa 11, ndiye kuti mkati zinthu zikuipa, ndipo zonse zomwe munagwirizana ziyenera kusintha.

Ngakhale popanda muyeso, maso anu angaone izi: kusanza kobwerezabwereza, mutu womka nuwawirawira, tulo tosadzutsika, kugwa khunyu, kamwana ka diso limodzi kukula kuposa kanzake, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, madzi oyera kapena magazi kutuluka m'khutu kapena m'mphuno, kuyankhula zosokonekera. Chimodzi chokha chikwanira kuti munyamuke.

Za msana. Khosi lili ndi mafupa 7, kumbuyo kwa chifuwa kuli 12, m'chiuno 5, ndipo mkati mwake mumadutsa mtsempha wa msana womwe umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Fupa likhoza kuthyoka mtsemphawo uli wamoyo, n'kudzaphwanyika pomwe anthu achifundo akumukweza munthu m'galimoto atamugwira m'khwapa ndi m'miyendo. Aliyense wokomoka pangozi, wodandaula khosi, womva dzanzi kapena wosamva miyendo anyamulidwe ndi anthu anayi kapena asanu, mmodzi atagwira mutu kuti usapotoke, mutu, mapewa ndi chiuno zikutembenuka nthawi imodzi. Mugonekeni pachitseko kapena pathabwa, zitenje zokulunga zitatsamizidwa mbali zonse ziwiri za mutu. Kugona chowongoka kumbuyo kwa Canter n'kwabwino kuposa kukhala chopindika pampando wa taxi. Panjinga ndiye ayi. Kuvulala kwa pamwamba pa khosi kumagwiranso kupuma, choncho kumafuna changu chofanana ndi cha mutu.

Njira iliyonse ndiiyeza ndi zinthu zinayi. Mtengo wake, kuphatikizapo thiransipoti, chakudya cha wodwazika ndi munda wotsala wosalimidwa. Kupezeka kwa makina ndi munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Chisamaliro chotsatira wodwala akatuluka. Ndi zoopsa zake.

X-ray, CT ndi MRI

X-ray imapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma, ndi yotchipa, ndipo imaonetsa mafupa. Pakhosi ndi pamsana imathandiza, ngakhale imaphonya mafupa ena othyoka, makamaka pomwe khosi limakumana ndi chifuwa. Pamutu ndi pomwe anthu amanyengedwa nayo, chifukwa siionetsa ubongo ngakhale magazi otayikira mkati. Akakuuzani kuti X-ray ili bwino, akunena za fupa lokha.

CT, sikani yojambula m'kati mwa thupi, ndiyo ya mutu. M'mphindi zochepa imaonetsa magazi, kutupa ndi mafupa osweka, ndipo khosi amatha kulijambulira pomwepo. Makinawa ndi ochepa m'dziko muno, amafuna magetsi okhazikika ndi akatswiri owakonza akaonongeka, choncho musananyamuke ulendo wotsata sikani, adokotala aimbe foni kufunsa ngati ikugwira ntchito lero. MRI imaonetsa mtsempha wa msana weniweniwo ndi minyewa yomanga mafupa, koma imatenga theka la ola kapena kuposa, wodwala ayenera kugona osasuntha, ndi yodula, ndipo imapezeka makamaka ku Lusaka. Si ya munthu yemwe akukha magazi m'mutu usiku uno.

1. Kiliniki kapena chipatala chapafupi

Mtengo. Chithandizo choyambirira m'zipatala za boma n'chaulere. Ndalama zolipira pofika kuchipatala zinachotsedwa kumidzi mu 2006 ndipo mu 2012 m'dziko lonse. Mulipira thiransipoti, mwinanso mankhwala omwe atha.

Kupezeka. Apa ndiye mphamvu yake. Ku Lundazi, Chadiza, Nyimba ndi Petauke kuli zipatala za boma, ndipo za mishoni monga Mwami, Nyanje, Minga, Kamoto ndi Lumezi zili pafupi ndi midzi. Zambiri mwa izi sizingatsegule mutu, n'chifukwa chake anthu ena amazilambalala. Kumeneko ndi kulakwa. Ubongo wovulala umaonongeka kachiwiri BP ikatsika kapena mpweya ukachepa m'magazi, ndipo zinthu ziwirizi chipatala chaching'ono chimatha kuziteteza ndi okosijeni, diripi, kuletsa magazi pabala ndi kutsegula njira yopumira. Kulinso mankhwala otchipa a tranexamic acid, omwe amadziwika kale m'zipinda zoberekera. Kafukufuku wamkulu wa CRASH-3 wa mu 2019, wa odwala oposa 12,000, anaonetsa kuti amachepetsa imfa kwa ovulala mutu pang'ono ndi pakatikati akaperekedwa asanathe maola atatu. Maola atatuwo amathera m'njira ngati mwalunjika kutali. Komanso munthu wa pangozi akhoza kukhala akutaya magazi m'mimba kapena m'chifuwa, ndipo zimenezo zimapha msanga kuposa mutu.

Chisamaliro chotsatira. Kuno ndi komwe mudzabwerere kudzatsukitsa mabala, kusinthitsa kapaipi ka mkodzo ndi kutenga mankhwala a khunyu, choncho ndi bwino kuti azimudziwa wodwalayo kuyambira tsiku loyamba.

Zoopsa. Kukhalitsa. Wodwala amagonekedwa kuti amuone kaye, usiku anamwino ndi ochepa, ndipo nambala ija ikhoza kutsika popanda woiona. Funsani mwaulemu kuti azimuyeza pakapita nthawi yaitali bwanji, nanga chichitike chiyani kuti amutumize kwina. Safunsa anadya phula.

2. Zipatala zazikulu za m'chigawo

Chipata Central Hospital ndicho chipatala chomwe zipatala za m'maboma a kum'mawa zimatumizako odwala. Ku Katete, makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Chipata, kuli St Francis, chomwe chinayamba mu 1948 ndipo chimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika. Ku Petauke kuli Kalindawalo General Hospital.

Mtengo. Wobwera ndi kalata yochokera kuchipatala chaching'ono amalandiridwa mosavuta. Apa ndi pomwe khadi la NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, limaonekera phindu. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2018, ntchito inayamba mu 2019, ndipo wa pantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, womulemba ntchito n'kuwonjezerapo 1 peresenti. Alimi ndi a bizinesi zawozawo amalembetsa okha, koma khadi lomwe mwasiya kulipirira silikuthandizani pa tsiku la tsoka. Tumani m'bale mmodzi ku ofesi ya NHIMA ya pachipatalapo kukafunsa za sikani ndi opaleshoni pomwe ena ali ndi wodwala. Phindu lalikulu koposa ndi lakuti kumudzi ndi pafupi: ufa, nkhuni ndi ndiwo zimachokera kunyumba, ndipo odwazika amatha kusinthana.

Kupezeka. Kuno kuli chipinda cha opaleshoni, magazi oika m'thupi, akatswiri ogoneka tulo ndi madokotala a opaleshoni. Dokotala wa opaleshoni wamba yemwe anaphunzira ntchitoyi akhoza kuboola kabowo pachigaza n'kutulutsa magazi omwe akufinya ubongo, ndipo pamene munthu akutsika mofulumira, kabowo ka lero n'kopulumutsa kuposa katswiri wa mawa. Zithunzi za sikani amatha kuzitumiza pafoni kwa akatswiri a ubongo ku Lusaka, n'kumvana ngati wodwala ayende kapena akhale. Ovulala mutu ambiri safuna mpeni. Amafuna kugonekedwa mutu utakwezedwa pang'ono, okosijeni, mankhwala ochepetsa kutupa monga mannitol pakafunika, ndi diso la namwino usana ndi usiku.

Kwa msana kuli njira yopanda opaleshoni yomwe abale ambiri amaiona ngati kunyalanyaza. Fupa lothyoka koma losasuntha limapola ndi kolala yolimba kapena chomangira msana. La m'khosi lomwe lasuntha amatha kulikoka ndi zitsulo zolumidwa pachigaza zomangiriridwa kucholemera, wodwala n'kugona masabata 6 mpaka 12. Zimaoneka zoopsa, koma ndi chithandizo chenicheni chomwe chathandiza anthu kwa zaka zambiri.

Chisamaliro chotsatira. Kubwera kudzaonedwanso ndi kudzachita mafizo ndi ulendo wa tsiku limodzi kwa anthu ambiri.

Zoopsa. Mabedi a ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya) ndi makina opumitsa ndi ochepa, makina ojambulira akhoza kuonongeka, ndipo kugona masabata ambiri kumabweretsa zilonda, chibayo ndi magazi oundana m'miyendo ngati wodwala satembenuzidwa. Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti kwa anthu ambiri a kum'mawa njira iyi ndiyo yoyambira, ndipo ya ku Lusaka idzere pano.

3. Ku Lusaka potumizidwa ndi chipatala

Mtengo. Ambulansi ya chipatala ndiyo njira yoyenera, ngakhale nthawi zina imadikira mafuta kapena imakhala itatuluka ndi mayi woyembekezera. Ndalama zenizeni zimathera kumeneko: kogona ndi chakudya cha wodwazika kwa masabata, mabasi a mutauni, sikani yolipira ngati ya pachipatala yaima, ndipo nthawi zina zitsulo zomangira msana zomwe banja limauzidwa kuti ligule. Funsani za zitsulozi musanagulitse ng'ombe, kuti mudziwe chomwe mukugulitsira.

Kupezeka. Akatswiri a opaleshoni ya ubongo ndi msana ndi ochepa m'Zambia, ndipo ambiri ali ku Lusaka, makamaka ku University Teaching Hospital. Kulinso Levy Mwanawasa University Teaching Hospital. Kumeneko amatha kuchotsa chidutswa cha chigaza kuti ubongo wotupa upeze malo, kukweza fupa lomwe lalowa mkati, kumasula mtsempha wa msana wopanikizika, ndi kumanga mafupa ndi zitsulo kuti munthu akhale tsonga msanga m'malo mogona miyezi. Kafukufuku wa mu 2012 anaonetsa kuti ovulala khosi omwe anamasulidwa mtsempha asanathe maola 24 anali ndi mwayi wokulirapo wopezako bwino. Ndege ya Zambia Flying Doctor Service, yomwe inayamba mu 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola, imanyamula odwala mwakayakaya, koma amaiitana ndi madokotala, osati banja.

Pali chinthu china chowawa chomwe chiyenera kunenedwa poyera. Madokotala amaika kuvulala kwa msana m'magulu kuyambira A mpaka E. Gulu A ndi pomwe munthu sakumva kapena kusuntha chilichonse m'munsi mwa povulala, mpaka kumalo achinsinsi. Kwa wotere opaleshoni imalimbitsa mafupa ndi kuchepetsa ululu, koma kawirikawiri siibweza kuyenda. Yemwe akumvabe pang'ono kapena akugwedeza chala cha kuphazi ali ndi mwayi weniweni, ndipo ndi amene ulendo wa msanga umamupindulira kwambiri. Funsani gulu lake, funsaninso kuti opaleshoniyo cholinga chake n'chiyani. Banja lomwe likuyembekeza kuti munthu adzatsika basi akuyenda yekha limasweka mtima kawiri.

Chisamaliro chotsatira. Tsiku lodzaonedwanso limakhala ku Lusaka komweko. Pemphani kuti zomwe zingatheke azilembere chipatala cha kwanu, ndipo musachoke opanda kalata yofotokoza zomwe anachita ndi zithunzi zonse.

Zoopsa. Msewu. Kuchokera ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, maola 7 kapena 8, ndipo chigawo cha mapiri ndi makona cha ku mlatho wa Luangwa chili kutali ndi chipatala chachikulu. Wokomoka akasanza ali chagada m'galimoto ya hayala, masanziwo amalowa m'mapapo. Wofika wopanda kalata amayambira pamzere, ndipo chipatala cholandira odwala a dziko lonse sichisowa mzere.

4. Zipatala zolipira

Mtengo. Wokwera koposa njira zonse, ndipo ambiri amafuna ndalama yoyambira asanamugoneke munthu. Tsiku lililonse la mu ICU limawerengedwa palokha, pomwe wovulala mutu kwambiri akhoza kukhalamo sabata ziwiri.

Kupezeka. Sikani imachitika msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Koma akatswiri a ubongo ndi ochepa omwe aja, ndipo ambiri amagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Chomwe mukugula ndi nthawi ndi bedi, osati manja ena. Makiliniki olipira a m'tauni ya Chipata angasoke bala ndi kupereka mankhwala a ululu, koma si malo a munthu wokomoka.

Chisamaliro chotsatira. Ulendo uliwonse ndi wolipira, mafizo omwe.

Zoopsa. Ndalama kuthera pakati, wodwala n'kusamutsidwa ali mwakayakaya. Kwa banja la ndalama zochepa, nzeru yabwino ndi kulipira sikani yokha, n'kubwerera ndi zithunzi kwa adokotala a kuchipatala cha boma.

5. Ku Lilongwe

Kupezeka. Kuchokera ku Chipata kudzera pa Mwami ndi Mchinji ndi makilomita pafupifupi 150, pafupi kwambiri poyerekeza ndi Lusaka. Pa Kamuzu Central Hospital pali Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chomwe chinatsegulidwa mu 2023 kuti chizithandiza za mafupa ndi ubongo. Chiyankhulo ndi chomwechi, ndipo ambiri a ife tili ndi abale kumeneko.

Mtengo. NHIMA imathera pamalire. Zipatala za boma za ku Malawi zinakonzedwera nzika zake, choncho mlendo akonzekere kulipira, ndipo ndalama zifunika kusintha.

Chisamaliro chotsatira. Ulendo uliwonse wodzaonedwanso umafuna pasipoti kapena chiphaso chodutsira pamalire, cha wodwala ndi cha wodwazika.

Zoopsa. Njira yotumizira odwala ya dziko lathu imalunjika ku Lusaka, choncho ulendo wa ku Lilongwe nthawi zambiri ndi wa banja lokha, m'galimoto yopanda okosijeni ndi namwino. Munthu wokomoka wopanda mapepala akhoza kuchedwa pachipata. Ndipo zikavuta, kubweretsa maliro kudutsa malire kuli ndi mapepala ndi ndalama zakezake. Njirayi ndi ya wodwala yemwe wakhazikika, wokhala ndi mapepala ndi abale kumeneko, madokotala a mbali zonse atamvana.

6. Kunyumba, kwa asing'anga, kumapemphero

Mtengo. Poyamba umaoneka wochepa: nkhuku, mbuzi, kandalama. Umakula pambuyo.

Kupezeka. Paliponse, nthawi iliyonse, ndipo munthu amalandiridwa ndi ulemu. Chimenechi ndicho chimakopa, ndipo sindichipeputsa.

Zoopsa. Palibe mphini, chothowera kapena mankhwala akumwa omwe angachotse magazi m'chigaza. Kukoka kapena kuwongola khosi lovulala kukhoza kupha ziwalo za munthu yemwe akanayenda. Kuthowa ndi madzi otentha pakhungu losamva kumaotcha munthu osadziwa. Wokomoka asamwetsedwe kanthu, ngakhale madzi. Mapemphero sasowa malo pambali pa bedi la kuchipatala, abusa ndi amayi a chigwirizano abwere komweko.

Pali matenda amodzi omwe amasocheretsa mabanja ambiri. Agogo, kapena bambo okonda mowa, anagwa pang'ono mwezi wathawu, palibe anasamala. Tsopano akuiwalaiwala, akuyenda modzandira, akudzikodzera, tsiku lina ali bwino tsiku lina ayi. Mudzi umati alodzedwa kapena ndi ukalamba. Nthawi zambiri amakhala magazi omwe akhala akudontha pang'onopang'ono pansi pa chigaza. CT imawaonetsa bwino, ndipo kabowo kamodzi kapena tiwiri timabweza nzeru za munthu. Ndi imodzi mwa maopaleshoni opindulitsa kwambiri a mutu, ndipo zimandiwawa kuti ambiri oyenera kuilandira safika n'komwe pachipatala.

Kunyumba n'koyenera kwa munthu yemwe waonedwa kale kuchipatala, nambala yake ndi 15, ndipo alibe chizindikiro chilichonse mwa zija. Pakhale wamkulu womuyang'anira masiku awiri oyamba. Amwe paracetamol yekha. Aspirin, brufen ndi diclofenac ayi, chifukwa zimaonjezera kutaya magazi. Mowa, njinga ndi mpira zidikire mpaka mutu ndi chizungulire zitatheratu.

Chisamaliro chotsatira. Njira zonse zisanu zija zimathera pano, ndipo kwa wovulala msana pano ndi pomwe moyo umapulumukira kapena kutayikira. Kale ambiri otere ankafa m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Zinthu zinasintha kuyambira mu 1944 pomwe Ludwig Guttmann anatsegula chipinda cha ovulala msana ku Stoke Mandeville ku England, ndipo chomwe chinasintha zinthu kwambiri chinali kutembenuza wodwala ndi kusamala chikhodzodzo. Mutembenuzeni maola awiri aliwonse, usiku womwe. Tsiku lililonse yang'anani khungu la pamatako, m'chiuno, pazidendene ndi pamapewa. Malo akafiira kapena kuda osabwerera, asagonerenso pamenepo. Mphasa pansi pa simenti siyokwanira, pafunika matiresi ndi mapilo, ndipo zofunda zikhale zouma. Kapaipi ka mkodzo kasinthidwe pa nthawi yomwe anakuuzani, amwe madzi ambiri, ndipo mkodzo ukada ndi kununkha thupi likutentha, pitani kuchipatala. Wovulala khosi kapena pamwamba pa chifuwa akagwidwa mwadzidzidzi ndi mutu woopsa, thukuta ndi kufiira nkhope, mukhazikeni tsonga, masulani zomuthina, onani ngati kapaipi katsekeka, chifukwa BP imakhala itakwera moopsa. Ziwalo zizipindidwa ndi kuwongoledwa tsiku ndi tsiku monga a mafizo anakuphunzitsirani. Njinga ya olumala ikhale ya msinkhu wake ndiponso ya khushoni, yopanda khushoni imabala zilonda.

Ntchito imeneyi singathedwe ndi mkazi mmodzi yemwe akulimanso ndi kulera ana. Abale agawane masiku wodwala asanatuluke m'chipatala. Wovulala mutu naye akhoza kubwera ndi mtima wapachala, kuiwala kapena khunyu. Si mwano ndipo si mizimu, ndi chipsera cha muubongo, ndipo mankhwala a khunyu amapezeka kukiliniki.

Mapepala musawaiwale. Ngozi ya pamsewu ilembedwe kupolisi ndipo fomu ya lipoti la adokotala isungidwe, chifukwa galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu omwe yawavulaza. Wovulala pantchito afunse za Workers' Compensation Fund Control Board. Wolumala alembetse ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, afunsenso ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu za Social Cash Transfer.

Ndani apite kuti

Wokomoka, wopuma movutikira kapena wotaya magazi ambiri apite kuchipatala chapafupi chomwe chili ndi dokotala, atagona chowongoka pathabwa. Za Lusaka zikambidwe atakhazikika.

Yemwe anakomoka n'kutsitsimuka, kenaka n'kuyamba kusanza kapena kuwodzera, apite kuchipatala chachikulu cha m'chigawo nthawi yomweyo, osadikira kuche. Ngati muli ku Lundazi kapena ku Chadiza, yambirani pachipatala cha pomwepo kuti akupatseni ambulansi ndi kalata. Wa ku Sinda ali pafupi ndi Katete. Wa ku Nyimba ali pakati, ndipo adokotala ake ndi amene angaone ngati kubwerera kum'mawa kapena kulunjika ku Lusaka kuli ndi nzeru.

Mwana yemwe wagwa mumtengo koma sanakomoke, akusewera, akudya ndipo khosi silikumupweteka, aonedwe kukiliniki n'kuyang'aniridwa kunyumba. Khanda lomwe liwombo latupa, likukana kuyamwa kapena likulira mosatonthozeka lipite kuchipatala chachikulu.

Wodandaula khosi kapena msana yemwe akumvabe kapena kusuntha pang'ono miyendo, makamaka ngati mphamvu zikumka zichepa, ndi amene muyenera kumumenyera nkhondo kuti atumizidwe ku Lusaka msanga ndi ambulansi. Ngati pali ndalama ya MRI, ithere pa iyeyu.

Yemwe madokotala atsimikiza kuti ali m'gulu A ndipo papita masabata, funsani ngati fupa lingapole ali ku Chipata kapena ku Katete. Akavomera, ndalama ya ulendo ipite ku matiresi, khushoni, njinga yoyenera, timapaipi ta mkodzo ndi kukonza khomo ndi chimbudzi kuti njinga izilowa.

Wokhala ndi inshuwalansi yapadera kapena abwana omwe alonjeza kulipira mpaka kumapeto, chipatala cholipira chimufupikitsira kudikira. Lonjezolo lilembedwe papepala asanamugoneke.

Wa ku Vubwi kapena cha ku Mwami yemwe wakhazikika, ali ndi mapepala ndiponso abale ku Lilongwe, akhoza kuganizira zowoloka, atatenga kalata ndi zithunzi kuchokera kwa adokotala ake.

Wachikulire yemwe wasintha khalidwe kapena kayendedwe patapita masabata atagwa, kapena akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin ndipo wagunda mutu, apite kuchipatala chachikulu, ndipo womuperekeza awauze adokotala za kugwa kuja ngakhale kunali kwakung'ono, n'kupempha CT.